Ng'ombe Ziwiri, Zipani Zitatu

Lolemba

Chimanga chikadali kumunda! Anzathu onse atuta, nkhokwe afolera kale, ife mikukwe ili chiimire ngati tikudikira kuti ibereke kachiwiri. Ndapitako m'mawa, ndasuzumira pansi pa mkukwe wa kumalire. Chiswe chayamba.

Ngolo tili nayo. Ng'ombe tili nazo. Vuto ndi eni ng'ombe. Bantomu ndi wa atate, Bulaki ndi wa amunanga aMwale, ndipo ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi. Anazigula chaka chimene fodya anachita bwino, masiku amenewo akumwera chikho chimodzi. Lero atate ali ndi chipani chawo, aMwale ali ndi chawo, ndipo chilengezereni kuti dera lino kukhala chisankho chapadera cha phungu, Bulaki anachotsedwa m'khola, akugona kuseri kwa nyumba yathu pamtengo wa mango. Ng'ombe ziwirizi zimangoitanana, iyi kulira uku, iyo kuyankha uko. Pakhomo pano zanzeru zatsala n'zomwezi.

Kubwereka ngolo ya ena? Atate akuti n'chitonzo, aMwale akuti n'chitonzo. Pamenepo pokha amagwirizana.

Kuvota ndi Lachinayi, ndipo mathero ake ndikuwadziwa kale. Chisankho chathachi woluza anakwiya mpaka mvula yoyamba, wopambana akumudutsa ndi kamluzu m'mawa uliwonse, chimanga n'kututa pamutu ine ndi amayi mpaka makosi kuuma. Chaka chino ndi pakati panga pano, dengu lodzaza sindingalisenze. Amayinso msana unawathera.

Chondilemetsa china: mkamwini sakangana ndi apongozi ake maso ndi maso, ndi mwambo. Ndiye amakanganira mwa ine. Mauthenga a lero:

Atate: "Kawauze amuna ako achepetse wailesi, nkhuku zanga zasiya kuikira."

AMwale: "Nambewe, kawauzeni atate anu kuti wailesi ikunena zoona, n'chifukwa chake ikuwawa."

Atate: "Kawauze kuti ndamva."

Nyumba zake n'zoyandikana, wina akayetsemula uku mnzake amamva, koma aliyense amadikira ndifike kaye kuti akwiye. Amayi ali phee pamphasa, akuswa mtedza wokagulitsa kuboda. "Akamwini awiri kulimbirana mudzi wa eni," atero. Zoona zokhazokha. Atate amaiwala kuti nawonso anafika pano ndi kachikwama kamodzi ndi khasu lobwereka.

Masana, kuchigayo. Pansi pa kachere paima bambo wina woonda, jekete lomukulira, njinga atatsamiritsa pamtengo. Akuti ndi wa chipani chachitatu. Chachitatu! Ine ndimayesa papepala pamakhala anthu awiri basi. Anzake aja amabwera ndi malole, ng'oma ndi nsalu, uyu wabwera ndi pampu. Omumvera: ine, amayi awiri odikira mphale, woledzera mmodzi, ndi mbuzi.

Koma zolankhula zake! Akuti pamsewu pakakhala mabasi awiri okha, makondakitala onse amatukwana, poti akudziwa kuti ukatsika iyi ukwera iyo. Ikangobwera yachitatu, ngakhale yakutha matayala, awiri aja amayamba kunena kuti kwerani amayi, khalani apa. Akuti iye sanama kuti apambana chaka chino. Akungofuna mavoti okwanira kuti akuluakulu aja acheuke n'kufunsa kuti kodi kumbuyoku kwachitika chiyani. Woledzera wamufunsa kuti nanga lero watibweretsera chiyani. "Palibe, achimwene." Woledzera waombabe m'manja, akuti wandale woyamba kunena zoona. Inenso ndaomba, pang'ono.

Pobwerera nzeru yandigwera ngati bango likuthyoka. Atate ndi aMwale akavotera bambo wa njingayu onse awiri, aluza limodzi. Palibe woimba mluzu, palibe wotupa masaya. Oluza awiri angathe kumanga ngolo imodzi!

Zochita:
– atate, ndi phala lotendera
– aMwale, ndi madzi osamba otentha
– amayi a kwaya
– amayi anga osawauza, andiseka

Lero ndigona ngati khanda.

Lachiwiri

Phala lagwira ntchito theka. Atate amwa, awonjezera, amva zonse, kenako: "Mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Voti yopatsa munthu wa njinga n'chimodzimodzi kuiponya m'chimbudzi." Ndawafotokozera za mabasi. Akuti iwo akwera basi imodzi kuyambira unyamata wawo ndipo sinawagwetsepo. Ndawakumbutsa chaka chija feteleza anafika chimanga chitamasula kale. Akuti limenelo linali vuto la msewu.

Kenako atsitsa mawu, ndipo apa ndiye pali nkhani. Sikuti chipani chawocho amachikonda ngati kale, akuti masiku ano chadzaza anyamata osapereka moni. Chimene sangapirire n'chakuti iwo akataye voti, ya mkamwini n'kukawerengedwa. "Ndikasiya ine, apambana a amuna ako. Ayambe iwowo kusiya."

Ndawoloka bwalo. AMwale, thaulo lili m'khosi, ayamba ndi kundiseka. Ndawauza kuti mphika sukhala pa mafuwa awiri. Akuti koma njinga imayenda ndi matayala awiri, ndikamufunse mwini wakeyo. Munthu ameneyu pakamwa ndi pomwe anandinyengera, mpaka lero sindimupambana. Atamaliza kuseka: "Nambewe, kunena zoona chipani changa chinandikhumudwitsa kalekale. Mlatho uja analonjeza uli kuti? Koma ndikasiya ine, apambana a atate anu. Ayambe iwowo."

Ha! Anthu awiri, mawu amodzi. Aliyense akukavota kuti mnzake asasangalale. Kodi dziko lonse lili chonchi? Mwina pamzere paja ambiri amakhala atatopa ndi chipani chawo, koma akuopa kamluzu ka mnansi.

Ndayenda pabwalopo uku ndi uku mpaka mapazi kutupa, ndipo dzuwa likupendeka pangano latheka: onse awiri avotera wa njinga, Lachisanu m'mawa Bulaki abwerera pagoli. Ndavina ndekha kukhitchini. Wam'mimbayu wavina nawo!

Sindinamalize n'kuvina komwe, atate akuitana. "Nanga ndikadziwa bwanji kuti amuna ako achitadi? M'kachipinda muja munthu amalowa yekha." AMwale, osadikira n'komwe kuti ndiwoloke: "Nambewe, funso lomwelo libwerere komweko!"

Aka n'koyamba kuyankha uthenga usanafike. Kaya n'kupita patsogolo kumeneku, kaya.

Amayi adziwa kale, wawauza sindikumudziwa. Sanaseke. Angoti, "Mapazi akowo uwaviike m'madzi ofunda," n'kupitiriza kuswa mtedza. Kusaseka kwa amayi kumapweteka kuposa kuseka kwawo.

Lachitatu

Chikole! Ndadzuka nayo nzeru imeneyi. Aliyense apereke chinthu chimene amachikonda, wonama chake ndikachiveka mtengo kudimba chiziopseza anyani. Atate apereka chipewa cha chipani, chija amavala ngakhale kumaliro. AMwale apereka malaya a nsalu ya chipani, aja ali ndi nkhope ya mtsogoleri pamimba ndi ina kumsana. Ndaziika m'dengu pansi pa bedi, chipewa pamwamba. AMwale akuti malaya ndiwo akhale pamwamba. Atate amva, atumiza uthenga. Ndaziika mbali ndi mbali.

Kukwaya ndalankhula titatha kuyeseza nyimbo za Lamulungu. Onse avomera! Onse! Ndinali pafupi kuyambitsa nthungululu pamene Nachisale, mnzanga wa mawu achiwiri, wandinong'oneza kuti dzana anavomeranso a chipani cha atate, dzulo a chipani cha aMwale. Aliyense ali ndi nsalu ziwiri, ina m'chiuno ina m'chikwama, amasintha akaona lole imene ikubwera. Mafunso awo:

"Nanga wa njingayo nsalu yake ndi yamtundu wanji?" Alibe.

"Mchere?" Alibe.

"Aaa, ndiye timupempherera."

Masana ndaperekeza amayi kuboda. Malole ali ndondondo kudikira mapepala, mtedza ukuyenda. Ndayamba kunyengerera mayi wogulitsa nthochi pafupi nafe, dalaivala wina wa ku Zambia walowerera: "Amai, imwe muzikwela basi yamene iyenda, osati yamene ili pa myala." Ndamuyankha kuti basi imakhalitsa pamiyala chifukwa aliyense akudikira mnzake ayambe kukankha. Waseka, wagula mtedza, wapita. Wa nthochi uja akuti iye anavomera kale anthu awiri, wachitatu amusokoneza mutu. Amayi akuti ndisiye kuthamangitsa makasitomala.

Pobwerera, tsoka. Kampeni akuti inatsekedwa, koma lole ya chipani cha aMwale yadutsa, ati ikupita kumaliro, ng'oma zikulira. Maliro ake yaimira pagolosale. Tikufika ine ndi amayi, fumbi lili koboo, ndani ali pakati pa bwalo atavala kavesiti poti malaya ali pansi pa bedi? Amunanga! Mpaka kugwada, mpaka kuzungulira. Andiona, aima mwendo uli m'mwamba. Akuti amawongola miyendo.

Nkhani yafika kwa atate ine ndisanafike. Pangano latha, akufuna chipewa chawo. Ndagwada, ndapepesa m'malo mwa miyendo ya eni, ndafunsa kuti mdzukulu wawo akubwerayu adzadya chiyani, chiswe? Ayang'ana mimba yanga, ayang'ana kumbali. "Chifukwa cha iwe," atero. Atate anga mutu ndi mwala, koma ukadziwa pogogoda amatsegula.

Potuluka ndaona pansi pa mpando wawo pali chipewa china chatsopano. Ali nazo ziwiri! Ndangodutsa, ndatopa.

Lachinayi

Tsiku lake. Atate jekete la kutchalitchi, aMwale nsapato zopolisha. Njira ya kusukulu kovotera ndi imodzi, ndiye atate patsogolo, aMwale m'mbuyo chapatali, ine pakati.

Pamzere andilowetsa kutsogolo chifukwa cha mimba. Phindu lake loyamba! M'kalasimo oyang'anira a zipani ziwiri zija akhala benchi imodzi, akugawana nzimbe, akuseka. Kunja kuno anthu sakubwerekana moto chifukwa cha iwo. Mpando wa woyang'anira wa chipani chachitatu uli wokha, pakhala nkhuku.

Pepala lili ndi nkhope zitatu. Awiri onenepa, akumwetulira ngati adya kale. Pansi penipeni bambo wa njinga, jekete lomwe lija, maso ali tong'o ngati wojambula anamudzidzimutsa. Ndatenga cholembera, mawu a atate khutu ili, a aMwale khutu ilo. Chiyambireni mavoti ndakhala ndikuchonga uku kuti atate asakhumudwe, chaka china uko kuti pabanja pakhale mtendere. Lero ndachonga pamene ndafuna ine. Ndasangalala, sindibisa. Kanthu kakang'ono, koma ndatuluka ndikuyenda ngati ndatalika.

Atate akhalitsa m'kachipinda moti wapolisi wafunsa ngati ali bwino. Atuluka akupukuta thukuta. "Kawauze amuna ako kuti ine ndachita zanga." AMwale alowa n'kutuluka ngati muli njuchi. "Nambewe, kawauzeni kuti ine mawu anga ndi amodzi." Onse andionetsa chala cha inki, ngati inki imalankhula.

Apa m'pamene ndazindikira kuti chikole chija n'chachabe. Wonama timugwira bwanji? Nzeru zanga zonse zija! Koma aphunzitsi a sitandade faifi, amene akuwerenga nawo mavoti, alonjeza kuti mawa andiuza kuti wa njinga wapeza angati pasukulu pano. Atatu ndi anga, amenewo ndawagwira m'manja. A kwaya akawonjezera, ndi mphatso.

Amayi apita masana ndi kalichero ka mtedza kuti akagulitse kwa a pamzere. Abwera lichero lili mbee, chala chakuda. Akuti boma likanakhala ndi chifundo chisankho chikanamachitika mwezi uliwonse.

Ndasesa m'nkhokwe, ndapukuta goli. Bantomu ndi Bulaki ndawauza kuti apirire, kwatsala pang'ono.

Lachisanu

Awiri.

Mavoti awiri! Aphunzitsi andiuza pamjigo, akuseka mpaka kugwira m'nthiti. Pasukulu yathu yonse bambo wa njinga wapeza awiri. Imodzi ndi yanga, ndikuidziwa. Inayo ndi ya mmodzi mwa amuna awiri a pakhomo pano, ndiye kuti winayo ndi wabodza. A kwaya anamupemphereradi basi.

Atate: "Ndinanena ine. Kawauze amuna ako manyazi awagwire."

AMwale: "Kawauzeni atate anu kuti munthu wokhalitsa m'kachipinda amakhala akusintha maganizo."

Atate: "Kawauze kuti wotuluka mothamanga amakhala akuthawa chikumbumtima."

Ndati basi, zatha, tiyeni ngolo. Onse akuti ng'ombe yawo singakoke ndi ya munthu wabodza. Kale anali a zipani ziwiri, lero ndi a chipani chimodzi, ndipo zaipiratu.

Masana wailesi yalengeza: wapambana wa chipani cha atate, koma pang'ono pokha. Pagolosale a chipani cha aMwale akutukwana bambo wa njinga, akuti timavoti take ta m'masukulu onse akanatiwonjezera pa awo akanadutsa. A chipani cha atate akuti ayi, timeneto watenga kwa iwo, akanapambana ndi zambiri. Dzana sankamudziwa ndi dzina lomwe, lero ali pakamwa pa aliyense. Mwina kucheuka ankanena kuja n'kumeneku. Ndamva kukoma pang'ono, koma kucheuka sikututa chimanga.

Chondiseketsa: atate sangasangalale! Analumbira pamaso pa anthu kuti anavotera wa njinga, ndiye ndi woluza. Ng'oma za anzawo zadutsa pamsewu, akuwaitana, "AMbewe, tiyeni!" Iwo ali pampando, nkhope ya pamaliro, phazi lokha likugunda pansi. Kenako azemba. Ndawapeza kuseri kwa nkhokwe akuvina okha mwakachetechete, chipewa chachiwiri chija chili kumutu. Ndabwerera chambuyo kuti asandione. AMwale nawonso sangakwiye poyera, poti chipani choluzacho akuti anachisiya dzulo. Akwiyira nkhuku, chitseko ndi ndiwo.

Dzuwa litapepa ndapita kumunda ndekha. Mkukwe wa kumalire wagwa, pansi pake dothi lokhalokha. Ndatola chimanga chimodzi, chafumbutuka m'manja. Ndakhala pamzere n'kulira, kulira kwenikweni. Si zandale ayi. Ndikuopa Febuluwale, nkhokwe ilibe kanthu, khanda lili kumsana.

Loweruka

M'mawa, belu la njinga pabwalo. Bambo uja! Jekete lomwe lija, fumbi mpaka m'nsidze. Akuti akuyenda sukulu ndi sukulu kuthokoza amene anamuvotera, poti ndi ochepa angathe kuwafikira onse. Pagolosale amulozera kuno, ati anthu anu ali pakhomo paja, akulimbirana.

Ine ndikuti ndidzuke pamphasa, mimba ikundichedwetsa. Ndisanawongoke n'komwe, atate atulukira uku, aMwale uku, aliyense dzanja lili patsogolo. Bamboyo wagwira manja onse awiri nthawi imodzi, misozi ili lengelenge. "Anandiuza kuti awiri, ndipo ndi awa!" Pamaso pa mlendo palibe angatchule mnzake wabodza. Voti yanga yapita choncho ine ndikuona. Ndakhalanso pansi.

Amupatsa mpando, atate uku, aMwale uku, bwalo limodzi koyamba chiyambireni kampeni. Ndawaphikira tiyi ndi mbatata. Akuti sanakhumudwe. Phungu watsopano watumiza kale munthu kukamufunsa chimene anthu ake akufuna, iye wanena za mlatho. Kaya adzamanga, kaya amangofuna kumuona kuti ndi wotani. "Pang'onopang'ono ndi mtolo," akutero, akusenda mbatata ina. Munthuyu ali ndi njala, ndamuwonjezera.

Kenako wafunsa kuti nanga nkhokwe bwanji ilibe kanthu mwezi uno. Atate ayang'ana kumwamba, aMwale ayang'ana nsapato. Amayi, osadzutsa mutu: "Ng'ombe zake n'za zipani ziwiri, bambo."

Bamboyo wavula jekete, wapempha thumba ndi chingwe. Akuti chimanga cha anthu ake sichingathere kumunda iye ali ndi njinga, atuta thumba limodzilimodzi ngakhale kutenge sabata. Wakweradi, ulendo wa kumunda, timiyendo tili pyapyapya.

Manyazi ake! Mlendo, munthu woti nkhope yake inali papepala la boma, kututa chimanga cha eni pa kaliyala mudzi wonse ukuona. Atate adzuka, alowera kukhola. AMwale alowera kumtengo wa mango. Palibe wandituma. Bantomu ndi Bulaki akumana pagoli, anunkhizana, Bulaki wanyambita mnzake khutu. Ndalira, ndipo sindinamizira utsi.

A kwaya amva kulira kwa ngolo, abwera ndi madengu kudzathandiza kuthyola, Nachisale patsogolo, wina nsalu ya chipani ichi, wina ya icho. Kuvota sanavote, koma manja awo Mulungu awadalitse. Ine andikhazika pamthunzi ngati mfumukazi. Atate akuyendetsa, aMwale akupakira, bambo wa njinga akugwa ndi matumba. Theka lalowa. Lina chiswe chinadya kale, lotsala Lolemba.

Potsanzika bamboyo wanena kuti popeza pano pali anthu awiri okhulupirika, pakhale nthambi ya chipani. Mmodzi wapampando, wina wachiwiri wake, asankhane okha. Wavala jekete, wakwera njinga, wapita, osadziwa chimene wasiya.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi ine ndi amayi tatsalira m'mbuyo, miyendo yanga ndi msana wawo zimayenda liwiro limodzi. Ndawafunsa kuti mwa awiri aja akuganiza kuti wabodza ndani.

"Onse," atero. "Inayo ndi yanga."

Ndaima pakati pa msewu. Za mabasi zija zinawagwira mtima? Ayi, akuti za mabasi sanazimve n'komwe. Anangoona nkhope zitatu, awiri okhuta, wachitatu ngati mwana wamasiye pa ukwati wa eni. "Ndinati uyu lero pakhomo pake sipafika munthu, ndimuzonde ine." Ndawafunsa kuti nanga bwanji sananene dzulo, amuna aja akulandira zikomo wathu. "Ndinene kuti chimanga chigonenso kumunda? Asiye. Votiyo ndawabwereka, agawane."

Ndiye ndi zimenezo. Dera lili m'manja mwa omwe aja, chaka china lidzapita kwa anzawo aja, n'kudzabwereranso. Mlatho sindikuudikira. Wa njinga ndidzamuvoteranso, kaya tidzakhala awiri kaya atatu, mwina a kwaya adzatopa nazo nsalu. Chimanga chimene chapulumuka chitifikitsa Januwale, kupitirira apo adziwa ndi Mulungu. Chikole chikadali pansi pa bedi. Mwachilungamo anyani akudimba anayenera kulandira zonse ziwiri, koma ndikawayang'ana abodza anga awiriwa ali pansi pa mango akuluka chingwe cha goli, mkwiyo sukubwera. Ndimawakonda, ndi mabodza awo omwe.

Chipani chatsopano chagawika kale. Atate akuti wapampando ndi iwo poti ndi aakulu. AMwale akuti mpando suyendera imvi, pakhale chisankho. Anthu ake awiri! Akhala moyandikana mpaka mawondo akugundana, koma uthenga ukudutsabe kukhitchini kuno.

Agwirizana chimodzi chokha: msonkhano woyamba wa nthambi ndi Loweruka likudzali, ndipo ine ndi amayi atisankha kuti tikhale ophika. Amayi avomera mokweza, kuti amve onse. Akuti aphika, koma nkhuku ichokera kwa wapampando.

Pansi pa mango pangoti zii.